Funso Limene Madokotala Amafunsa Mluza

M'mwezi wa Epulo 1990, aphungu a Nyumba ya Malamulo ya ku Britain anali kalikiliki kukonzekera kuvota ngati asayansi angaloledwe kuchita kafukufuku pa miluza ya anthu. Kutatsala masiku anayi kuti votiyo ichitike, magazini ya sayansi ya Nature idatulutsa lipoti lochokera ku chipatala cha Hammersmith mumzinda wa London. Amayi awiri anali oyembekezera, aliyense mapasa, ndipo madokotala ankadziwa kale kuti ana onse anayi ndi aakazi chifukwa adayeza miluzayo isanaikidwe n'komwe m'chiberekero. Amayiwa anali ndi matenda akumtundu amene mkazi amangowanyamula iye ali bwinobwino, koma akafika pa mwana wamwamuna amawononga ubongo. Aphungu adavomereza kafukufukuyo ndi mavoti 364 kwa 193, ndipo kuyambira pamenepo kuyeza majini a mluza kudalowa m'ntchito ya zipatala zothandiza ovutika kubereka. Zaka zoposa 30 zimene zadutsapo zikuonetsa chinthu chimodzi mobwerezabwereza. Njira imeneyi yakhala yokhulupirika pamene ikufunsa mluza funso limodzi lodziwika, m'banja limene likulidziwa kale vuto lake, koma yakhala ikugwiritsa anthu fuwa la moto nthawi iliyonse imene funsolo lakula n'kusanduka malonda umboni usanapezeke.

Kufunika kwa zimene zidachitika ku Hammersmith kumamveka munthu akaganizira banja limene laika kale mwana m'manda chifukwa cha nthenda yakumtundu. Kale banja lotere linali ndi njira zitatu, zonse zowawa. Likadatha kusiyiratu kubereka. Likadatha kungoyesanso, likudziwa kuti nthendayo ikhoza kubwerera pa mwana wotsatira. Kapena mayi akadatenga pakati, n'kudikira mpaka cha m'sabata ya 16 kuti adokotala atape madzi a m'chiberekero ndi jakisoni, zotsatira n'kumabwera mwana atayamba kale kugunda, ndiyeno asankhe kuchotsa mimbayo kapena ayi. Robert Edwards, wasayansi wa ku Cambridge, adaona msanga kuti pangakhale njira yachinayi. Mu 1968 iye ndi Richard Gardner adadula tizidutswa pa miluza ya akalulu, n'kuzindikira kuti uwu ndi waumuna uwu ndi waukazi, kenako n'kuiika mwa akalulu aakazi, ndipo tiana titabadwa tidatsimikizira kuti adalondola. Koma kuti zimenezi zifike kwa anthu pankasowa zinthu ziwiri. Choyamba chinali mluza wa munthu wopangidwira kunja kwa thupi, ndipo chidapezeka pa 25 Julayi 1978 pamene Louise Brown adabadwa ku Oldham kudzera m'njira ya IVF, ntchito ya Edwards, Patrick Steptoe ndi Jean Purdy. Chachiwiri chinali luso lowerenga DNA yochokera m'selo limodzi lokha, ndipo lidabwera ndi njira ya PCR imene Kary Mullis adatulukira ku California mu 1983, yomwe imachulukitsa kachidutswa ka DNA kambirimbiri mpaka kuoneka.

Alan Handyside, Robert Winston ndi anzawo ndiwo adalumikiza ziwirizi. Pa tsiku lachitatu dzira litakumana ndi mbewu ya bambo, mluza umakhala ndi maselo pafupifupi 8 ndipo umachepa kuposa kadontho ka cholembera. Pansi pa maikulosikopu, kapaipi kagalasi kamodzi kankaugwira kuti usasunthe, kachiwiri kankaboola khungu lake ndi asidi pang'ono, n'kuyamwa selo limodzi. Selolo ankalifufuza ngati lili ndi kromozomu ya Y, imene amakhala nayo amuna okha. Kamzere kosonyeza Y kakaoneka pa zotsatira, mluza ndi wamwamuna ndipo sauika; kakapanda kuoneka, ndi wamkazi. Apa mpamene padabisala vuto loyamba, chifukwa kamzereko kakhoza kusaoneka pa chifukwa china, monga PCR ikalephera kugwira. Pa amayi ena amene adayezetsa koyambirirako, mmodzi adapezeka kuti ali ndi pakati pa mwana wamwamuna, ndipo mimbayo idachotsedwa. Asayansi sadabise. Adasintha njira kuti mluza waukazi nawonso uzionetsa chizindikiro chake, ndipo adayamba kulondola jini lenileni lodwalitsalo m'malo motaya miluza yonse yaimuna pamene theka lake ndi labwinobwino. Mu 1992 gulu lomwelo lidalengeza kubadwa kwa mtsikana wathanzi kwa makolo onyamula cystic fibrosis, nthenda yotseka mapapo ndi makhololo olimba. Ku Chicago nako Yury Verlinsky ankakonza njira zake. Cholakwa chidapezeka msanga n'kukonzedwa chifukwa funso linali laling'ono, yankho lake linali eya kapena ayi, ndipo choona chinkadziwika mwana asanabadwe kapena atangobadwa.

Maiko sadailandire mofanana njirayi. Britain idali itakonzekera kale, popeza komiti ya Mary Warnock idapereka lipoti mu 1984 lonena kuti mluza suyenera kuusunga mu labotale kupitirira masiku 14, ndiponso kuti pakhale bungwe loyang'anira zipatala zoterezi. Lamulo la 1990 lidakhazikitsa bungwelo, HFEA, lomwe mpaka lero limayamba lavomereza nthenda iliyonse chipatala chisanaiyeze pa mluza. Germany, pokumbukira zimene boma la Nazi lidachita, idapanga lamulo loteteza mluza m'chaka chomwecho, ndipo ambiri ankalimva kuti likuletseratu kuyeza. Zidatengera dokotala wina wa ku Berlin kukadzineneza yekha atayeza miluza ya odwala ake. Khoti lalikulu lidamupeza wosalakwa mu 2010, ndipo mu 2011 aphungu adalola kuyezako pa matenda aakulu okha, komiti yoona za chikhalidwe ikavomereza. Italy idatseka chitseko ndi lamulo la 2004, koma mu 2012 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu, pa mlandu wa banja lonyamula cystic fibrosis, lidati lamulolo likudzitsutsa lokha: limaletsa kuyeza mluza wa masiku ochepa, koma limalola kuchotsa mimba ya miyezi ingapo chifukwa cha nthenda yomweyo. America sidaike lamulo la dziko lonse lonena zimene zingayezedwe, ndipo zambiri zimene zidadzavuta pambuyo pake zidakulira kumeneko.

Malire adayamba kusuntha, koma poyamba ankasuntha anthu akuona. Mu Ogasiti 2000 banja lina la ku Colorado, limene mwana wake wamkazi ankadwala Fanconi anaemia, lidabereka mnyamata wochokera ku mluza umene udasankhidwa pa zifukwa ziwiri: unalibe nthendayo, komanso thupi lake linkagwirizana ndi la mlongo wakeyo. Magazi a mumchombo wa khandalo adakaikidwa mwa mtsikanayo ku Minnesota ndipo adapulumuka. Anthu adafunsa ngati si kulakwa kubereka mwana kuti akhale mankhwala a mnzake. HFEA idakaniza banja lina pempho longa lomweli mu 2002, idasintha maganizo mu 2004, ndipo aphungu adalemba malire ake m'lamulo la 2008. Chimodzimodzi ndi jini la BRCA1, limene silitanthauza kuti munthu adzadwala ndithu koma limakweza kwambiri chiopsezo cha khansa ya m'mawere. Bungwelo lidayamba lamva maganizo a anthu, lidavomereza mu 2006, ndipo mwana woyamba woyezedwa chotero ku Britain adabadwa ku London mu Januwale 2009. Munthu akhoza kutsutsa zigamulo zimenezi, koma sanganene kuti zidachitika mwamseri kapena kuti makolo adanamizidwa za chimene kuyezako kungathe.

Nkhani idasintha pamene zipatala zidatembenukira kwa amayi amene alibe nthenda yakumtundu, ongofuna mwana basi. Maganizo ake anali omveka. Munthu amakhala ndi makromozomu 46, ndipo mayi akamakula mazira ake ambiri amakhala ndi owonjezera kapena operewera, zimene zimachititsa kuti mluza usagwire kapena mayi apite padera. Ndiye bwanji osawerenga makromozomu n'kuika miluza yokwanira yokhayokha? Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 zipatala zidayamba kugulitsa kuyezaku, ndipo zidagulitsa kwa zaka zoposa khumi popanda kafukufuku wamphamvu wotsimikizira kuti kumathandiza. Mu 2007 Sebastiaan Mastenbroek ndi anzake ku Netherlands adatulutsa zotsatira za amayi 408 a zaka 35 mpaka 41, amene adawagawa mwamaere m'magulu awiri. Pa amayi 100 alionse amene miluza yawo idayezedwa, 24 adabereka mwana wamoyo. Pa amene sidayezedwe, adabereka 35. Chimene amayi ankalipira ndalama zowonjezera kuti chiwathandize ndicho chinkawalanda ana. Kuchotsa selo limodzi pa maselo 8 kunkafooketsa mluza, makina a nthawiyo ankaona makromozomu ochepa chabe, ndipo selo lotengedwalo nthawi zina silinkafanana ndi anzake otsala.

Zipatala zidayankha kuti cholakwika ndi zipangizo, osati maganizo, ndipo zidabwera ndi njira yatsopano imene lero ikutchedwa PGT-A. Tsopano amadikira mpaka tsiku lachisanu kapena lachisanu ndi chimodzi, mluza uli ndi maselo oposa 100. Amatenga maselo 5 mpaka 10 kuchokera ku chigawo chakunja chimene chimadzakhala nsengwa, mluza n'kuuumitsa m'thanki ya naitrojeni yozizira madigiri 196 kunsi kwa ziro, kudikira pepala la zotsatira. Kuyezaku n'kolondola kuposa kwakale, koma vuto la pansi lidakalipo. Kuli ngati kutapa chimanga chodzaza dzanja pakamwa pa thumba n'kuweruza thumba lonse, pamene miluza yambiri ndi yosakanikirana, maselo ena abwino ena olakwika, ndipo ina imadzikonza yokha ikamakula. Mu 2015 madokotala a ku Rome adaika miluza yosakanikirana yotere mwa amayi 18 amene analibe ina, ndipo padabadwa ana athanzi 6. Mu 2019 kafukufuku wa amayi 661 m'maiko angapo sadapeze kusiyana kwenikweni pakati pa oyezetsa ndi osayezetsa akaphatikizidwa onse. Mu 2021 kafukufuku wa ku China wa amayi 1,212 adapeza kuti 77 pa 100 mwa oyezetsa adabereka, poyerekeza ndi 82 pa 100 mwa osayezetsa. Oikira kumbuyo njirayi amati imachepetsa kupita padera ndipo imafupikitsa nthawi yodikira, makamaka kwa amayi akuluakulu amene ali ndi miluza yambiri, ndipo pamenepo ali ndi mfundo. Koma kuyeza sikuwonjezera mluza ngakhale umodzi, kumangochotsa. Kwa mayi amene wapeza miluza iwiri yokha, pepala lolakwika limodzi likhoza kumutayitsa bomwetamweta. N'chifukwa chake HFEA imachenjeza poyera kuti kwa odwala ambiri njirayi sikweza mwayi wokhala ndi mwana, pamene ku America yafala mpaka kufika pafupifupi theka la ntchito yonse ya IVF.

Funso lakulanso kachitatu m'zaka zaposachedwapa. Kampani ya Genomic Prediction ya ku New Jersey, imene idayamba mu 2017, ndi zina zimene zatsatira, zimapatsa mluza uliwonse malikisi oonetsa chiopsezo cha shuga, matenda a mtima kapena schizophrenia, ndipo ena afika polonjeza msinkhu ndi nzeru. Apa palibe jini limodzi loti aliloze. Msinkhu wokha umakhudzana ndi malo oposa 12,000 mu DNA, aliwonse akukankha pang'ono chabe, ndiye pabwerenso chakudya, matenda a paubwana, sukulu ndi mtendere wa pakhomo. Mu 2019 gulu la Shai Carmi ku Jerusalem lidawerengera kuti kusankha mluza wa malikisi apamwamba kungawonjezere pafupifupi masentimita 2.5 pa msinkhu ndi mapointi 2.5 pa mayeso a nzeru, ndipo m'mabanja 28 a ana ambiri amene adawafufuza, mwana wa malikisi apamwamba anali wamtali kuposa abale ake m'mabanja 7 okha. Bungwe la akatswiri a majini ku Ulaya lidati mchitidwewu ulibe umboni ndipo ndi wosayenera. Choopsa kwambiri n'chakuti malonjezo amenewa sagwidwa bodza msanga. Kholo limene lauzidwa kuti mwana wake sadzadwala mtima akadzakalamba silidzakhalapo kuti likafunse, ndipo kampaniyo mwina idzakhala idatsekedwa kalekale.

Pali otsutsa amene amati vuto lidayambira pa tsinde, ndipo mawu awo ndi olemera. Mpingo wa Katolika, m'zikalata zake za 1987 ndi 2008, umaphunzitsa kuti moyo wa munthu uyenera ulemu wonse kuyambira pamene dzira lakumana ndi mbewu, choncho kusankha mluza uwu n'kusiya uwo ndi kutaya munthu. Amene amakhulupirira zimenezi sayenera kukakamizidwa kapena kunyozedwa, ndipo palibe umboni wa mu labotale umene ungathetse mkangano wa chikhulupiriro. Komabe lamulo la dziko limalamulira anthu a zikhulupiriro zosiyana, ndipo zimene zidachitika ku Italy ndi ku Germany zikuonetsa kuti kuletsa sikudathetse kusankha. Olemera ankangowoloka malire kukayezetsa kwina, osauka n'kumatsala ndi njira yakale ija yochotsa mimba yaikulu. Ena, monga Adrienne Asch, katswiri wa ku America amene anali wosaona, adati kusankha koteroko kumauza anthu olumala kuti dziko likadakonda akadapanda kubadwa. Mantha amenewa ali ndi maziko: ku America anthu oposa 60,000 adatsekedwa kubereka mokakamiza m'zaka za m'ma 1900, ndipo ku Germany pafupifupi 400,000 pansi pa lamulo la 1933. Kusiyana kulipo pakati pa boma lolamula amene ayenera kubereka ndi banja limene lalera mwana wa Tay-Sachs mpaka kumwalira asanafike zaka zisanu, n'kunena kuti silingapirirenso kachiwiri. Koma kusiyanako kumakhalapo pokhapokha ngati banja lokana kuyezetsa, kapena lobereka mwana wolumala, likulandira chithandizo ndi ulemu wonse. Dziko limene limalipira kuyeza koma likuumira pa njinga za olumala ndi sukulu zawo latsimikizira kale kuti Asch ankanena zoona.

Kumbali inayi kuli amene amati zonse zisiyidwe m'manja mwa makolo, poti mluza ndi wawo ndipo ndalama ndi zawo. Wanzeru wina, Julian Savulescu, adafika ponena mu 2001 kuti makolo ali ndi udindo wosankha mwana amene akuoneka kuti adzakhala ndi moyo wabwino koposa. Mfundoyi imagwa pa zinthu ziwiri. Choyamba, ufulu wosankha umafuna kuti wosankhayo auzidwe zoona, ndipo amayi amene adayezetsa makromozomu a miluza yawo chisanafike chaka cha 2007 adasankha mwaufulu chinthu chimene chidawapweteka, chifukwa wowalangiza ndi yemwenso ankagulitsa. Munthu amene wadikira mwana zaka khumi, achibale akumunena, sangakane chilichonse chimene dokotala wati chingathandize. Chachiwiri, zosankha za mabanja ambirimbiri zikaunjikana zimasintha dziko. Ku India makina ounikira mimba atafala, mabanja ambiri adachotsa mimba za ana aakazi, aliyense mwa kufuna kwake, mpaka boma lidaletsa kuuza makolo ngati mwana ndi wamwamuna kapena wamkazi mu 1994, n'kukulitsa lamulolo mu 2003 kuti likhudzenso kusankha mayi asanatenge pakati. Palibe banja limene lidafuna kuti m'madera ena atsikana achepe, koma adachepa.

Nkhaniyi imakhudza Africa m'njira ziwiri zosiyana, ndipo zonse zikuchitira umboni mfundo yomweyi. Nthenda ya sickle cell imachokera ku jini limodzi lodziwika bwino, ndipo makolo onse awiri akakhala onyamula, mimba iliyonse ili ndi mwayi umodzi pa inayi wobala mwana wodwala. Ana oposa 300,000 amabadwa nayo chaka chilichonse, ambiri mwa iwo kumwera kwa Sahara. Ili ndi funso laling'ono lenileni limene kuyeza mluza kumayankha molondola, ndipo madokotala a ku New York adaonetsa kuti n'zotheka mu 1999. Koma mtengo wa IVF uli kutali ndi mabanja ambiri amene akulifuna yankholi, ndipo kwa iwo choyamba ndi kuyeza makanda akangobadwa, penisilini, katemera ndi mankhwala a hydroxyurea. Malikisi a msinkhu ndi nzeru aja, amene akukokera ndalama zankhaninkhani, adamangidwa pa kafukufuku amene anthu pafupifupi 8 pa 10 alionse anali ochokera ku makolo a ku Ulaya, ndipo akagwiritsidwa ntchito pa munthu wakuda amalosera mofooka kwambiri. Chotsimikizika sichifika kwa ochifuna, chosatsimikizika ndicho chikutsatsidwa.

Mbiri imeneyi sikulamula kuti kuyeza mluza kuletsedwe, ndiponso sikulola kuti kusiyidwe pamsika. Ikuonetsa kuti pali zinthu zitatu zoyenera kufunsidwa kuyeza kwatsopano kulikonse kusanafike kwa wodwala. Kodi nthenda yake ndi yaikulu ndipo chiyambi chake chikudziwika? Kodi pali kafukufuku woyerekeza oyezetsa ndi osayezetsa, wowerenga ana obadwa amoyo, wochitidwa ndi anthu amene sapindula ndi malondawo? Nanga ndani, kupatula wogulitsa, amene akuuza makolo zimene kuyezako sikungathe? Kuyeza kwa cystic fibrosis ndi sickle cell kumapambana mafunso amenewa. Kuwerenga makromozomu kumapambana mwa apo ndi apo, kwa amayi ena okha. Malikisi a nzeru sanapambanebe ngakhale limodzi. Dziko lililonse limene zipatala za IVF zikutsegulidwa liyenera kukhala ndi bungwe lofunsa mafunsowa poyera, lokhala ndi madokotala, achipembedzo, anthu olumala ndi mabanja amene akulera ana odwala, ndipo liyenera kukhazikitsidwa zipatalazo zisanayambe kugulitsa, chifukwa njira ikangozolowereka ndipo ndalama zikayamba kulowa, umboni wobwera mochedwa umavutika kuichotsa.